Kanema Wakale ndi Zithunzi za Ana: Kodi Zinena Zoona za Nyumba ndi Nchito?

Abale athu aphunzitsi ndi akatekisiti, m'masamba ano tizolowera kukambirana za mau a cinenero cathu ndi za miyambo ya makolo. Lero tifuna kuweruza cinthu cocokera kutsidya la nyanja, cimene cakhala pansi pakati pa ana athu monga mlendo wosafulumira kutsazika, ndico kanema, makamaka zithunzi zija zojambula ndi manja zimene ana azicha makatuni. Wailesi ya kanema inatsegulidwa m'Malawi caka ca 1999. Tsopano zithunzizo zipezeka m'timanyumba ta vidiyo pa misika ndi m'lamya za m'manja, kotero kuti mwana wa kumudzi aziona monga mnzace wa m'tauni. Ndipo zambiri za izo nzakale ndithu. Mphaka Tom anayamba kupitikitsa khoswe Jerry caka ca 1940, agogo a ana ambiri a m'sukulu zathu asanabadwe.

Mwana amene sanalowe m'fakitale, sanaone mgodi, sanalandire malipiro a pa mwezi, aphunzira m'zithunzi izi kuti nchito nciani ndi kuti nyumba ikhala bwanji. Akuru anati, kuongola mtengo mpoyamba. Kuti zithunzizi zikondweretsa, cimeneco cidziwika kwa onse; ife tifunsa ngati zinena zoona za wophika, wosesa, wokumba ndi wolipidwa. Tidzatenga zowerengeka zimene zachuka koposa, ndi kuziika pa muyeso umodzi ndi nthano zathu.

I. Kanema anayamba ndi nchito ndi cakudya

Pa 28 December 1895, m'mzinda wa Paris, abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira pakhomo. Cithunzi ciri conse cinali cacifupi, cosafika mphindi imodzi. Cina cinaonetsa anchito, akazi ndi amuna, alikuturuka pa cipata ca fakitale ya abalewo ku Lyon. Cina cinaonetsa Auguste ndi mkazi wace alikudyetsa kamwana kao pa gome. Cina cinaonetsa wosamala munda wa maluwa alikuthirira ndi paipi. Mnyamata wamwano anaponda paipiyo, madzi naleka, ndipo munthuyo posuzumira kukamwa kwa paipi, mnyamata anacotsa phazi, madzi namthira kumaso. Onani tsono mbeu zitatu zimene zinabzalidwa tsiku lomwelo: kuweruka ku nchito, kudyetsa mwana, ndi kuseka wanchito wopusitsidwa. Zonse zitatu tidzaziona zitamera m'makanema amene tinena pansipa.

Kuyenda kwa zithunzi ndi cinyengo ca maso. Makina aonetsa zithunzi zoima, cimodzi pambuyo pa cinzace, 24 pa sekondi imodzi m'kanema wa mau, ndipo diso liziphatikiza niliyesa kuti zirikuyenda. M'kanema wa anthu makina ajambula cimene cinaima patsogolo pace. Koma m'katuni ciri conse cicokera ku dzanja la wojambula. Katuni ya mphindi 7 iri nazo zithunzi 10,080, ndipo ngakhale ojambula amaonetsa cojambula cimodzi kawiri kuti nchito icepe, zikhalabe zikwi zambiri. Cotero m'katuni mulibe kanthu kolowa mwangozi. Mbale ikaoneka, wina anafuna kuti ioneke; nkhope ya munthu ikabisika, wina anasankha kuibisa. Cifukwa cace tiyenera kuweruza katuni kolimba koposa kanema wa anthu.

II. Chaplin, wanchito wosauka

Charlie Chaplin anabadwira ku London caka ca 1889, m'umphawi waukuru. Ali ndi zaka 7 analowetsedwa m'nyumba yosungiramo amphawi, popeza amace analibe cakumdyetsa. Atakula anapita ku America, nadzipangira munthu uja wa kacipewa kozungulira, kandodo, buluku lalikuru ndi nsapato zosamyenera. Amuna a ku migodi ya golidi ya Johannesburg, kumene anthu a kwathu ambiri anagwira nchito, anamuona kale lomwe. Pakuti m'zaka za m'ma 1920 mbusa wa ku America, Ray Phillips, ankaonetsa makanema m'makomponi, ndipo anchito anamucha Chaplin dzina lakuti SiDakwa. Liu limenelo ndi mbale wa liu lathu lakuti cidakwa, ndipo woona kuyenda kwace kwa dzandidzandi sadzadabwa nalo dzinalo.

M'kanema wace The Kid, wa caka ca 1921, munthu wosauka uja atola khanda lotayidwa, nalilera m'kacipinda ka pansi pa denga. Adula nsanza zikhale matewera, napacika ketulo ya khofi ikhale botolo loyamwitsira. Mwana atakula ndiye aphika zitumbuwa za m'mawa, ndipo wamkuru aziwerenga kuti agawane molingana. Nchito yao njoipa: mwana aswa magalasi a mazenera ndi miyala, wamkuru nadza pambuyo monga woika magalasi. Sitiiyamika, komanso kanemayo saiyamika, pakuti aonetsa kuti yacokera ku njala, ndi kuti wapolisi aizindikira msanga. Pamene a boma adza kudzatenga mwanayo, kulira kwace ndi kuthamanga kwa womlera pamwamba pa madenga kutikumbutsa mwambi wathu wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma kanema amene tifuna aphunzitsi amdziwe koposa ndiye Modern Times, wa caka ca 1936. Nthawi imeneyo inali ya njala ya nchito. Malonda a maiko anagwa caka ca 1929, ndipo pofika 1933 munthu mmodzi mwa anchito anai a ku America analibe pogwira. Ambiri a iwo amene anali pa nchito anaima pa lamba woyenda, macitidwe amene Henry Ford anachukitsa m'fakitale yace ya magalimoto pafupi ndi Detroit kuyambira caka ca 1913: katundu adza yekha pa lamba, munthu ali yense nacita kanthu kamodzi kokha tsiku lonse, ndipo liwiro la manja ace lilamulidwa ndi lambayo.

Kanemayo ayamba ndi nkhosa zothinana, pomwepo aonetsa khamu la anthu lirikuturuka m'siteshoni ya pansi pa nthaka kunka ku nchito. Chaplin aima pa lamba ndi masipanala awiri, kumanga manati awiri, ndi ena awiri, osaleka. Kacirombo kouluka kakamzungulira kumaso, nakweza dzanja kukaingitsa, nchito yamthawa kale, ndipo anzace a kutsogolo asokonezeka naye. Akalowa m'cipinda cosambira kuti apumeko, nkhope ya bwana ioneka pa khoma niimlamulira abwerere. Pa nthawi ya cakudya amyesera makina odyetsa munthu, opangidwa kuti wanchito asataye nthawi ndi kudya. Makinawo apenga, namthira msuzi pacifuwa, nampekesa cimanga pamano, namdyetsa manati a citsulo. Potsiriza lamba ammeza, napita naye pakati pa magudumu a mano, ndipo aturuka mutu utasokonezeka, manja alikumangabe ciri conse cofanana ndi nati, kufikira amtengera ku cipatala.

Ife tiyesa kuti uyu ndi kanema woona. Woonera aseka, koma cimene aseka ndico makina ndi nzeru ya iwo amene anawerenga nthawi ya kudya kwa munthu monga ndalama yotayika. Wanchito mwini wace amcitira cifundo. M'kanemamo thupi litopa, mimba imva njala, wakuba mkate agwidwa. Ngakhale pamene Chaplin ndi mtsikana wamasiye alota nyumba yabwino, ya zipatso zolendewera pa zenera ndi ng'ombe yodza yokha pakhomo kudzapereka mkaka, wapolisi aima pambuyo pao, loto nilitha. Nyumba yao yeniyeni ndi cisakasa ca matabwa cimene mtanda wace ummenya pamutu polowa, ndipo mpando uboola pansi pokhalapo.

Ciripo cimodzi cimene mphunzitsi ayenera kufotokozera ana. Anthu awiriwa alibe mbale wakuwathandiza. Mulibe malume, mulibe agogo, mulibe mudzi wobwererako. Pa citsiriziro angoyenda pa mseu awiriwiri osadziwa kogona. Chaplin sananame, pakuti umphawi wa m'mizinda yaikuru uli wotero. Koma mwana wathu asayese kuti kuyenda wekha ndiko ufulu. Kwathu timati mutu umodzi susenza denga.

III. Snow White ndi mgodi wopanda pfumbi

Walt Disney anaonetsa Mickey Mouse m'katuni ya mau, Steamboat Willie, caka ca 1928, ndipo mu December 1937 anaturutsa Snow White and the Seven Dwarfs, katuni yaitali yoposa ora limodzi, yocokera ku nthano imene abale a Grimm analemba ku Germany caka ca 1812. Luso lace palibe angalikane. Kuyenda kwa mbalame ndi agwape, mthunzi wa nkhalango, makhalidwe a amuna aafupi 7 aja, onga Akafula a m'mbiri yathu, yense ndi nkhope yace ndi mayendedwe ace, zonsezi zinajambulidwa ndi kusamala kwakukuru.

Koma taonani nchito yao. Amuna aafupiwo akumba miyala ya mtengo wapatali m'mgodi, ndipo miyalayo iri pa khoma yosemedwa kale, yonyezimira monga ya m'sitolo. Mulibe kapitao, mulibe malipiro, mulibe pfumbi. Madzulo aponya matumba m'nkhokwe, natseka citseko, napacika kiyi pambali pa citseko comweco, nabwerera kwao alikuyimba. Mgodi weniweni suli wotero. Ku Kimberley, kuyambira zaka za m'ma 1880, okumba diamondi ankatsekeredwa m'makomponi kufikira nthawi ya pangano lao itatha, ndipo ankawafufuza m'thupi asanaturuke. Amuna a kwathu amene ananka ku migodi ya golidi pa ulendo wa Wenela, ambiri anabwerako ndi nthenda ya cifuwa cifukwa ca pfumbi la mwala. Mwana amene agogo ace anatsokomola kufikira imfa ayenera kumva kwa mphunzitsi wace kuti mgodi wa m'katuni ndi wa nthano cabe.

Momwemonso nchito ya m'nyumba. Mtsikana apeza nyumba yauve, mbale zosatsuka, akangaude atamanga ponse, nayamba kusesa alikuyimba. Pomwepo agologolo apukuta pfumbi ndi micira, mbalame ziyanika zobvala, ndipo mimba ya kamba isanduka thabwa locapirapo. Kuti nyimbo ipeputsa nchito nzoona, ndipo ife tidziwa koposa Disney: amai athu asinja ndi nyimbo pamtondo, amuna nalima ndi nyimbo pa dima. Koma pamtondo nyimbo siinyamula munsi. Dzanja ndilo linyamula, ndipo licita matuza. Ndiponso tifunsa: amuna 7 amphamvu zakuswa miyala analekeranji nyumba yao m'uve kufikira atadza mtsikana? Iye mwini poona uvewo ayesa kuti m'nyumbamo mukhala ana amasiye. Mnyamata woonera aphunzirapo kuti tsache liyembekeza mkazi, pamene amuna athu ku makomponi ankacapa ndi kusoka okha osayesa manyazi. Cimodzi cokha ticiyamika ndi mtima wonse: mtsikanayo akaniza amunawo cakudya kufikira atasamba m'manja. Pamenepo agwirizana ndi mwambo wathu wa kusamba m'manja nsima isanadyedwe, ndi phunziro la ukhondo la m'sukulu.

IV. Tom, Jerry, ndi mai wosaoneka nkhope

William Hanna ndi Joseph Barbera anapanga makatuni 114 a Tom and Jerry pakati pa 1940 ndi 1958, ndipo 7 mwa iwo analandira mphotho ya Academy Award. Mphamvu yao iri m'kusowa kwa mau. Mphaka ndi khoswe kawirikawiri sanena kanthu. Nyimbo za Scott Bradley zitsata phazi liri lonse ndi kugwa kuli konse, monga ng'oma itsata wobvina. Cifukwa cace mwana wosadziwa Cingelezi amva zonse, ndipo ndico cifukwa cace makatuni awa afika kutali koposa anzao.

Yoyamba, Puss Gets the Boot, ikadayenera kuchedwa ndi mwambi wathu: khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mai wa m'nyumba acenjeza mphaka kuti akaswanso kanthu kamodzi adzamtaya kunja. Khoswe pakumva ici akwera pa alumali, nagwira tambula monga afuna kuigwetsa, ndipo mphaka sangathe kumkhudza. Kenaka aponya mbale zambirimbiri, mphaka nathamanga kuziwakha, kufikira zonse zigwa phwa, mphaka naponyedwa pabwalo. Nthano yomangidwa bwino imeneyi, ndipo muli coonadi m'menemo: wokhala m'nyumba ya wina akhala ndi mantha a kucotsedwa, ndipo wamng'ono wodziwa manthawo alamulira wamkuru.

Koma m'makatuni otsatira coonadi cimeneci cinacepa. Tom aphwanyidwa ndi citsulo nakhala wopyapyala ngati ciguduli, adulidwa zidutswa, apserera, ndipo m'kamphindi ali bwino. Mbale zisweka mazanamazana, mawa lace ziripo zonse. Kabati yozizira ikhala yodzala ndi nyama, mkaka ndi zipatso masiku onse, osaoneka wogula kapena wolima. Sitinena kuti mwana woona izi adzamenya mphwace ndi nyundo. Ana adziwa kusiyanitsa cojambula ndi thupi. Cimene tiopa ncina, ndico kuzolowera nyumba imene zinthu zace ziribe mtengo. Kwathu mphika ukasweka, woumba akakumbe dothi, aumbe, ayanike, aoche. Mbale ya m'sitolo ikasweka, ndalama ya mcere yapita.

Ndipo muli munthu mmodzi m'nyumbamo amene tifuna aphunzitsi amyang'anitse. Ndiye mai wakuda, wonenepa, wobvala epuloni ndi nsapato za m'nyumba, amene ena amyesa wanchito, ena mwini nyumba. Liu lace linali la Lillian Randolph. Iye ndiye asesa, akolopa, asamala nyumba yonse. Koma ojambula amuonetsa kuyambira kumapazi kulekeza m'mapewa, ndipo pafupifupi nthawi zonse nkhope yace ikhala kunja kwa cithunzi. Mphaka ali ndi nkhope ya maonekedwe zana, khoswe momwemo. Munthu yekhayo wogwira nchito ndiye alibe. Anamjambula monga Azungu a ku America a nthawi ija ankasekera akazi akuda ogwira nchito m'makhichini mwao, ndipo anthu akuda a komweko anadandaula nazo. Anaoneka komariza caka ca 1952. Tikumbukire cimene tinanena poyamba, kuti m'katuni mulibe cangozi. M'matauni athu nyumba zambiri ziri ndi mtsikana kapena mnyamata wanchito wocokera kumudzi. Mwana wa m'nyumba yotere asaphunzire kuti womphikira ndi manja ndi mapazi okha.

Katuni yomariza ya maiyo, Push-Button Kitty, ibwerera ku funso la Chaplin. Poona ulesi wa Tom, mai agula mphaka wa makina, Tom namanga kamtolo kace nacoka. Makinawo aturutsa Jerry mosabvuta. Koma Jerry amasula timakoswe ta zidole tambiri, makina napenga, naphwanya nyumba pozithamangitsa, kufikira mai apfuulira Tom kuti abwere. Iyi tiiwerenga pakati pa zabwino, pakuti mwana wa m'kalasi lapamwamba angathe kukambirana nayo za munthu wocotsedwa nchito cifukwa ca makina.

Hanna ndi Barbera omwewo anapanga The Flintstones, imene inaonetsedwa pa wailesi ya kanema kuyambira 1960 kufikira 1966. Anthu ace abvala zikopa monga a nthawi ya miyala, koma makhalidwe ao ndi a banja la ku America la zaka zomwezo: mwamuna Fred agwira nchito kokumba miyala, mluzu ukalira nathamangira kwao, mkazi Wilma nakhala pakhomo, ndipo kamwana ka njobvu ndiko kayamwa pfumbi pansi. Pano nchito ndi bwana ndi kusowa kwa ndalama zioneka ndithu. Coipa cace ncakuti ionetsa ngati banja la mwamuna wolipidwa ndi mkazi wodikira linali comweco ciyambire dziko, pamene kwathu mkazi agwira khasu m'munda pamodzi ndi mwamuna, ndipo pakati pa Acewa mudzi uwerengedwa kucokera kwa mai.

V. Kalulu ndi citsime

Wina adzati: kodi Jerry si Kalulu yemwe? Inde, ali pa cibale ca makhalidwe, ndipo sitingatsutse khoswe cifukwa ca kucenjera pamene tiyamika Kalulu. Nthano za Kalulu zinaoloka nyanja kale ndi akapolo a ku Africa. Joel Chandler Harris anazilemba ku America ca m'ma 1880 ndi dzina la Brer Rabbit, Disney naikako zina m'kanema caka ca 1946, ndi ija yomwe ya kalulu womatirira ku cidole ca phula.

Koma tiyeni tiike nthano yathu ya citsime pambali pa katuni. Kunagwa cirala; nyama zonse zinapangana kukumba citsime; Kalulu anakana kukumba, nadza usiku kudzaba madzi, napusitsa alonda mmodzimmodzi, kufikira anagwidwa ndi ulimbo. M'manenedwe ambiri apulumukanso ndi nzeru zace, ana naseka. Komabe nthano yonse yaima pa ludzu lenileni ndi pa citsime cokumbidwa ndi manja ambiri, ndipo wokana nchito aimirira pa bwalo pamaso pa onse. Jerry saima pa bwalo, pakuti m'nyumba mwace mulibe ludzu.

Ndiponso nthano inali ndi nthawi yace, madzulo, nchito zitatha ndi mbale zitatsukidwa. Akuru ankaletsa kuinena usana. Inali ndi kuyankha: wonena akati padangotero, omvera ati tiri tonse, ndipo pofika nyimbo onse abvomereza. Inali ndi wonena wodziwa ana ace, amene akaona mdzukulu waulesi alikumvera, akulitsa mbali ya kukumba. Katuni idza nthawi iri yonse, siyembekeza yankho, ndipo sidziwa amene ali patsogolo pace. Ndipo za nyumba ana athu ankaphunzira ku masanje, atakolola, kumene amanga timisasa, naphika nsima yeniyeni pa moto weniweni, ndipo ikapserera adya yopserera.

VI. Makanema amene anatipangira ife

Tisayese kuti mankhwala ace ndiwo kanema wa ciphunzitso cokhacokha. Njira imeneyo inayesedwa. Kuyambira 1935 kufikira 1937 bungwe la International Missionary Council, ndi ndalama za Carnegie Corporation, linayendetsa nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment, oitsogolera ace L. A. Notcutt ndi G. C. Latham. Anapanga makanema 35 ku Tanganyika, nayenda nao pa lole m'maiko a kuno, kufika ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, monga ankachedwa masiku aja. Wina wa makanemawo unali wa anchito awiri: mmodzi akwirira ndalama zace pansi, mbala niziba, mnzace aziika ku banki ya ku positi, nizisungika. Central African Film Unit, imene inayamba caka ca 1948, inatsata njira yomweyo ya wanzeru ndi wopusa.

Langizo la kusunga ndalama linali labwino, ndipo anthu a m'zithunzizo anali akuda, a m'midzi yonga yathu. Koma wopusa wao anali wopusa cifukwa ca kutsata za makolo, wanzeru nakhala wanzeru cifukwa ca kumvera boma, ndipo woonera adziwa citsiriziro kanema asanafike pakati. Makanema amenewo aiwalika, ambiri natayika, pamene Chaplin aonedwabe. Tiyesa kuti cifukwa cace ndi ici: Chaplin anagonapo ndi njala, najambula wosauka monga amdziwira m'kati, awa anajambula munthu wa kumudzi monga amuonera pa khonde la ofesi.

VII. Za mau

Popeza masamba ano ndi a cinenero, tichulepo zitatu. Coyamba, liu lakuti kanema licokera ku kinema, manenedwe akale a Cingelezi, ndipo lalowa m'gulu la maina onga garu ndi fodya: timati kanema wabwino, kanema uyu. Okalamba obwera ku migodi ankati baisikopo, monga ankanenera ku South Africa.

Caciwiri, ana ena amucha Jerry mbewa. Aphunzitsi awaongole. Mbewa ikhala kumunda, ikumbidwa, ndipo ndi ndiwo. Wokhala m'nyumba ndi kuba cakudya ndiye khoswe. Mwana akati mphaka alikupitikitsa mbewa m'khichini, wasokoneza zinthu ziwiri zimene makolo anazilekanitsa bwino.

Cacitatu ndico cacikuru. Katuni yopanda mau ndi munda wa mvekero. Cingelezi cisauka pa mau otere, koma ife tiri nao ambiri: mbale zagwa phwa, mphaka wagwa khu, makoswe athawa balala, m'nyumba mwangoti zii, woledzera ayenda dzandidzandi. Mvekero sulandira mphatikiram'mbuyo wa nthawi kapena wa mwininkhani monga mneni. Uima wokha, kapena utsata mneni wakuti -ti, monga anangoti khu. Mwana wofotokoza katuni m'cinenero cace afunafuna mau amenewa mwa iye yekha, ndipo apeza ena amene m'mabuku mulibe.

VIII. Cocita mphunzitsi

Kuletsa sikudzathandiza, pakuti mwana woletsedwa kwao akaonera kwa mnansi. Tipereka malangizo awa. Mphunzitsi ayambe waona yekha cimene ana ace aona. M'mawa mwace auze mmodzi anene katuniyo monga nthano, ndi padangotero, anzace nayankha tiri tonse, ndipo mvekero uli wonse woturuka ulembedwe pa bolodi. Atatha awafunse mafunso atatu: Cakudya cija anaphika ndani? Cosweka cija adzalipira ndani? Ndani m'cithunzimo sitinamuone nkhope? A m'makalasi apamwamba awaonetse gawo loyamba la Modern Times, ngati makina alipo, nawatume akafunse akuru a kwao amene anagwira nchito ku mgodi, ku esiteti ya tiyi kapena m'nyumba ya munthu, kuti anene ngati Chaplin ananena zoona. Ndipo pocezera makolo, awapemphe kuti zithunzi ziyembekeze kufikira madzi atatungidwa ndi mbuzi zitalowa m'khola, monga nthano inkayembekezera.

Kuweruza kwathu tsono ndi uku. Modern Times ndi The Kid tiziika patsogolo, pakuti zisekeretsa osanama. Snow White ndi yokongola, koma mgodi wace ndi tsache lace zifuna mau a mphunzitsi. Tom and Jerry ndi ya luso lalikuru ndi yothandiza pa phunziro la mvekero, koma mwana asasiyidwe nayo yekha masiku onse, ndipo za mai uja auzidwe poyera. Tipempha aphunzitsi a ku madera onse atitumizire mvekero umene ana ao adzachula, ndi kunena dera limene liu liri lonse limveka, kuti tidzausindikize m'masamba ano.